Nkhunzi ya kwa Festus

Obed ndi Lidia linali banja losiririka ku Dzoole. Kutchalitchi ankafika limodzi, kumunda limodzi, ndipo m'khola mwawo munali misoti ya ng'ombe yonenepa yomwe inkangosowa nkhunzi yabwino. Obed ankafuna kutenga ya mkulu wake, koma Lidia, yemwe anakulira kubusa, anakana.

"Bambo, imeneyo ndi magazi amodzi ndi ng'ombe zathu, ana ake adzakhala ofooka. Festus wa kutsidyayu ali ndi kankhunzi ka msana wowongoka ndi miyendo yolimba, ndipo make sanavutikepo pobereka."

Obed anavomera n'kukagula nkhunziyo, ngakhale ankadziwa kuti Festusyo anafunsirapo Lidia ali mtsikana.

Tsoka lake, nkhunzi yaing'ono siiwala msanga khola lomwe inabadwira. Inkangothyola mpanda n'kuthawira kwawo, ndipo poti Obed ankaswera kuchigafa cha fodya, wokaitenga anali Lidia. Amayi a pamjigo anayamba kunong'onezana. Pofika m'makutu mwa Obed, nkhaniyo inali itathiridwa kale mchere.

"Ng'ombe patsogolo, iwe pambuyo! Kodi unasankha nkhunzi kapena mwini wake?" anakalipa Obed.

"Ndiye ndiisiye izidya chimanga cha anthu? Muzikaitenga nokha!"

"Undiyankha choncho? Muona. Nonse awiri muona."

Nsanje ndi yoipa, abale. Munthu wanzeru zake anasiya kudya, anasiya kuseka, mtima uli pa kubwezera basi.

Loweruka m'mawa Obed anamanga nkhunziyo miyendo, n'kuigwetsa pansi, ndipo ananola mpeni kuti aithene. Ankati mbewu ya kwa Festus isamere m'khola mwake. Lidia anachonderera, misozi ili chuchuchu, koma sanamveke. Atasowa chochita anathamangira kwa Festus, poganiza kuti mwina mwamuna mnzake amuletsa.

Festus anafika ali wefuwefu, Lidia ali pambuyo pake.

"Achimwene, musatero! Misoti yanu sinatenge bere. Mukupha khola lanu lomwe!"

"Mpaka kubwera naye pakhomo panga dzuwa likuswa mtengo?" anakuwa Obed, maso ali psuu.

Mpeniwo unalowa m'chifuwa cha Festus. Anamwalira ali pangolo, asanafike kuchipatala, n'kusiya mkazi ndi ana ang'onoang'ono.

Kukhoti amayi a pamjigo aja anaitanidwa kudzachitira umboni. Woweruza atafunsa yemwe anaona Lidia ndi Festus akuchita zosayenera, onse anangoti zyoli.

"Ife tinkangomva, bwana," anatero mmodzi wa iwo.

Obed anawayang'ana mmodzimmodzi, kukamwa kuli yasa. Woweruza anamulamula kukakhala kundende moyo wake wonse. Lidia anabwerera kwa makolo ake ku Malomo, ndipo sanapiteko kukamuona.

Amuna inu, mukamva za akazi anu, muzifunsa kuti anaona ndani. Funso limeneli Obed amadzifunsa tsiku lililonse m'chitolokosi, koma Festus ali m'manda.