Zithunzi za Boti la Dauda

Rukia anakumana ndi Dauda pa siteji ya basi ku Al Asmakh, kudziko la Aluya, Lachisanu, tsiku lokhalo limene madamu amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija ankamulola kutuluka. Ankakalipira mng'ono wake pafoni, ndipo mnyamata wa zikhadabo zodetsedwa ndi girisi anamufunsa ngati ku Mangochi onse amakalipa mokoma chonchi. Basi inawasiya akuseka.

Dauda anali makaniko kudoko. Kampani yawo inkakhoma boti latsopano la asilikali a dziko lina la ku Ulaya, olondera chilumba chakutali chimene dzikolo likulamulirabe. Maboti awo akale anali atadyeka ndi dzimbiri.

Kenako kunabwera korona. Madamu anakhoma geti, Lachisanu la Rukia linathera pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri dziko lake linali khitchini, makina ochapira ndi kawindo koyang'ana mpanda. Chomwe chinkamupatsa mpweya ndi foni.

"Duwa langa, taona boti lathu," Dauda ankalemba, n'kutumiza chithunzi. "Tsiku limene lidzalowe m'madzi, ndidzabwera pageti kudzakutenga. Tidzamanga nikah, inshallah."

Anthu ena amawerenga masiku a ukwati pa kalendala, Rukia ankawerengera pa zitsulo. Lero aika injini, mawa mawindo. Mwana wa mlimi wa chinangwa mpaka anadziwa mbali zonse za boti lankhondo! Ankamukonda Dauda mopanda manyazi.

Lamulo latsopano litatuluka, loti wantchito atha kusintha bwana popanda kalata ya chilolezo, Rukia anamuuza Dauda mtima ukudumpha. Yankho linali lozizira: asapupulume, kunja kuli matenda, adikire boti lithe. Iye anangoti ndi chikondi chimenecho. Ndani sakondwa kudandauliridwa?

Koma fupa lokakamiza silinachedwe kuswa mphika. Mwakachetechete anapeza ntchito ku kantini ya kampani ya Dauda yomweyo, kuti akamudzidzimutse ndi mbale m'manja. Anapereka notisi. Mwezi wonsewo madamu sanamuyankhule, ankangomulozera ntchito ndi chala. Tsiku lochoka anamuuza kuti geti limenelo asadzaligogodenso.

M'mawa wa tsiku loyamba pantchitopo, atavala masiki ndi epuloni, anathamangira kumene zithunzi zija zinkajambulidwa. Anapazindikira ndithu: chitsulo chachikasu chonyamulira katundu, khoma lolembedwa nambala 4. Koma pamalopo panali chiboti chakale, chotuwa, anthu akuchidula ndi moto.

Bambo wina wa imvi, dzina pachifuwa lolembedwa Grayson, anamumva akudziyankhulira m'chinenero cha kwawo ndipo anamupatsa moni wa kumudzi. Rukia anafunsa za boti latsopano.

"Linapita kale, mwanangu. Sabata yachisanu ino. Ichi ndi chakale chimene chabwera m'malo mwake."

"Nanga a Dauda, bambo?"

Bambo Grayson anayang'ana pansi. Anafotokoza kuti boti likamapita limatenga makaniko wake, zaka zitatu, ndipo Dauda anasainira yekha chaka chatha. Kuchilumbako amapereka nyumba kwa okwatira okha, n'chifukwa chake anafulumira kumanga ukwati ndi Lucia, nesi wa pakiliniki ya kampani.

"Inu ndinu achemwali ake?" anafunsa bamboyo.

Rukia anayang'ananso chiboti chija. Ndiye kuti zithunzi zonse za masabata amenewa zinali zakale, munthu ankangozitulutsa chimodzichimodzi ngati mapiritsi? Ku Nuaija sakanabwerera. Ndege zopita kwawo zinali zosowa. Kontirakiti yatsopano inali itamumanga zaka ziwiri, kuphikira anthu pa doko lomwelo.

Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni.

"Duwa langa, lero tikupaka penti. Latsala pang'ono, pirira."

Rukia anapukuta misozi ndi masiki. Anakweza foni, najambula chiboti chodulidwacho, chitsulo chachikasu ndi nambala 4, n'kutumiza.

"Ndafika, Dauda. Ndaima pa penti yako."

Timizere tiwiri ta pa uthengawo tinasanduka tabuluu. Pamwamba panaoneka kuti Dauda akulemba, kenako anasiya. Kukantini mkulu wa ophika anali akukuwa kale kuti yalla, fulumira, anyezi sadzisenda yekha.