Botolo la M'thumba la Wilfred

Mtembo unapezeka Lachiwiri, 7 koloko m'mawa itangopitirira, m'kanjira kochoka pachitsime cha ku Manja kupita pa siteji ya minibasi. Unagona chafufumimba, bala lili kunkhongo, pambali pali bokosi la ayezi lokhala ndi mabotolo asanu a madzi. Botolo lina linali m'thumba la jekete. Wapolisi wofufuza milandu, Chrispine Alufandika, anautembenuza. Munthuyo ankamudziwa.

Anali Wilfred Sozinyo. Bungwe lina lakunja linapereka ndalama zoti anthu a m'deralo aziyezetsa madzi omwe amamwa, ndipo Wilfred ndiye ankatunga madziwo n'kupita nawo kokayeza Lachiwiri lililonse. Milungu iwiri m'mbuyomo anafika kupolisi kudzadandaula kuti wina akumusinthira mabotolo. Alufandika anamuseka pamaso pa anzake: "Akulu, ife timagwira mbava, osati mabotolo." Tsopano mawuwo ankamuyabwa ngati chitedze.

Woyamba kugwidwa anali Friday, wogulitsa madzi m'zigubu, yemwe anthu anamumva akukangana ndi malemuyo.

"Tinayambanadi, bwana," anatero Friday. "Mapepala ake ankati pachitsime mpabwino, ine makasitomala n'kumandithawa. Koma lero ndinalawirira ku Limbe. Kafunseni makondakitala."

Makondakitala anamuikira umboni, ndipo 11 koloko anamutulutsa.

Lachitatu masana Alufandika anakaonana ndi Ireen, mayi woyeza madzi mu labotale ya m'tauni, komwe anasiya mabotolo aja.

"Asanuwa muli klorini," anatero Ireen. "Madzi a pachitsime sakhala ndi klorini, awa ndi a pampopi. La m'thumbali ndiye la pachitsime, ndipo ladzaza tizilombo ta m'chimbudzi. Mwana wanga sindingamusambitse n'komwe."

"Akatunga ankabwera kuno molunjika?"

"Ayi. Analibe fuliji. Ayezi ankakatenga kwa tcheyamani wa komiti ya chitsime, a Lackson, omwenso ndi mkulu wa mpingo. Ankati sangatulukeko osamwa tiyi."

Ndani angakane tiyi wa mkulu wa mpingo? Mlendo amalowa m'nyumba, katundu n'kutsala pakhonde.

Alufandika anafika kwa a Lackson 4 koloko. Mpopi unali pakhonde penipeni. Kuseri kunali zipinda zisanu ndi zitatu za lendi ndi chimbudzi chimodzi chokumba. Anawerenga mapazi kutsetserekera kuchitsime: khumi ndi anayi.

Anatengera a Lackson kupolisi, ndipo m'chipinda chofunsira mafunso anaika botolo la m'thumba lija patebulo.

"Bambo, Wilfred tiyi ankamwera m'nyumba. Mabotolo ankatsala ndi ndani?"

A Lackson anayang'ana botololo, kenako anazyolika.

"Kalata yopempha thandizolo ndinasaina ndine," anayankha motsitsa mawu. "Ndinaimirira m'tchalitchi kuuza anthu kuti tiyeze madzi. Kenako mwana wa a Zione anatisiya, matenda otsegula m'mimba. Maliro ndinayendetsa ndine, ndikudziwa chomwe chili kuseri kwa nyumba yanga. Zikanatuluka papepala, nkhope ndikanaiika pati?"

"Nanga Lachiwiri?"

"Atamwa tiyi anagunda thumba lake. Anati, 'A tcheyamani, lenileni lili umu.' Ndinamutsatira ndi mpini wa khasu. Ndinkangofuna botololo, koma atagwa ndinaopa kumukhudza."

Alufandika analemba zonse. Atatseka buku, a Lackson anadzutsa mutu.

"Anandiuza kuti anakadandaula kwa inu. Milungu iwiri ndakhala ndikudikira galimoto yanu. Mukanabwera, ndikanaulula, chifukwa ndinali nditatopa nazo."

Wapolisiyo anabweza cholembera m'thumba. Zaka makumi awiri pantchito, sanachitepo manyazi otere pamaso pa munthu womangidwa unyolo.

Madzulo omwewo anabwerera ku Manja ndi loko wogula yekha, n'kutseka chivundikiro cha chitsime. Amayi okhala ndi ndowa anamuzungulira. Mmodzi, wovala mpango wakuda, anasendera pafupi. Anali a Zione.

"Mwadziwa liti zimenezi, bwana?"

Akanatha kunena kuti lero, ndipo palibe akanamutsutsa. Anavula chipewa.

"Wilfred anandiuza kale, mayi. Ndinamuseka."