Diso Lamanzere

Mtembo wa mkuluyo unali chagada m'chipinda chapamwamba, mutu utatsamira mwendo wa kabati. Magazi anali atauma kale kunkhongo. Wofufuza milandu, amene anzake kupolisi ankangomutcha kuti Chipewa, anaima pakhomo n'kuyamba wayang'ana makoma. Ha! Paliponse magalasi oonera patali okhaokha, akalekale a asilikali, ena utoto utasupuka, onse atandandalikidwa ngati ali pa perete.

"Malemuwa anali msilikali wopuma pantchito," anatero sajeni. "Moyo wawo wonse unali kutolera zimenezi. Dokotala akuti anakankhidwa dzulo cha m'ma teni koloko m'mawa. Sichinasowe chilichonse, bwana."

Anthu oyandikana nawo anati Lamulungu anamva malemuwo akukangana koopsa ndi mwana wawo wamwamuna. Pofika masana mwanayo anali atakhala kale m'chipinda chofunsira mafunso, thukuta lili kamukamu.

"Munkakangana chiyani ndi bambo anu?"

"Za mkazi wanga wakale. Khoti linandipatsa ine mwana wathu wamkazi, iyeyo n'kumuletsa kumuyandikira. Ndiye ndinamva mphekesera zoti bambo akumamulandira kunyumba kwawo. Ndinawauza kuti zikapitirira, mdzukulu wawo sadzamuonanso."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Ku ofesi, bwana."

Anthu asanu a ku ofesiko anamuikira umboni. Chipewa anatukwanira mumtima. Tsiku lathunthu lapita padera!

Mkazi wakale uja, mayi wa mdzukuluyo, anabwera m'mawa mwake, wowonda, maso ali psuu. Polankhula ankapendeketsa mutu pang'ono, ngati nkhuku yoyang'ana m'mwamba. Anakana kwamtuwagalu kuti kunyumba ya apongozi ake sanapondeko chithereni banja.

"Chonde bwana, dzina langa lisalembedwe paliponse," anatero. "Lachisanu khoti liunikanso nkhani yanga. Chaka chatha ichi sindinamugwirepo mwana wanga ngakhale chala. Akangomva kuti ndaitanidwa kupolisi, basi, ndamutaya."

Chipewa anamumvera chisoni, zoona. Koma chisoni si umboni, ndiye anabwerera kuchipinda chapamwamba chija.

Anayamba kunyamula magalasiwo amodziamodzi. Magalasi akale a asilikali alibe kagudumu kapakati kokonzera maso onse awiri nthawi imodzi. Diso lililonse lili ndi mphete yakeyake, yolembedwa manambala. Pa onse amene ananyamula, mphete zinali pa ziro. Anaimbira mwana wa malemu uja.

"Eya, linali lamulo lawo," anayankha. "Ukatha kuona, bweza pa ziro. Ndili mwana ndinadyapo makofi chifukwa choiwala zimenezo."

Magalasi amodzi okha, akuda, a m'kabati ya pafupi ndi zenera, ndiwo anaphwanya lamulolo. Mphete yakumanja inali pa ziro, koma yakumanzere inali itapotoledwa mpaka kumapeto. Chipewa atayang'anamo, mutu unamuzungulira. Anatsinzina diso lamanzere, ndipo kutsidya kwa njanji kunaoneka bwalo la sukulu, mbee.

Lachinayi teni koloko itatsala pang'ono, anaitanira onse awiri m'chipindamo. Anapereka magalasiwo kwa mwamunayo.

"Tayang'anani panja, koma musakhudze mphete."

"Zikungooneka chimbuuzi mbali iyi," anatero mwamunayo, akutikita diso.

Chipewa anatembenukira kwa mayi uja. "Nanunso, mayi."

"Ine sindidziwa n'kagwiridwe kake komwe, bwana." Anabisa manja kumbuyo.

Chipewa sanamukakamize. Anangoika magalasiwo pazenera. Posakhalitsa belu linamveka chapatali, ana n'kukhamukira pabwalo ngati njere zomwazika. Mayiyo anayang'ana pansi, kenako pazenera, kenako pansinso. Abale, mtima wa mayi ungaugwire ndi chiyani? Anangozindikira atatsomphola magalasiwo, atawakanikiza kumaso.

"Mayo! Wapita wopanda juzi, kuzizira konseku!" Anatembenukira mwamuna wake wakale. "Inu, mwana akutsokomola uja simukumuona?"

Anabwezeranso magalasiwo kumaso.

"Mukumuona bwinobwino, mayi?" anafunsa Chipewa motsitsa mawu.

"Ndikumuona."

"Ndi maso onse awiri. Osakhudza mphete."

Mayiyo sanatsitse magalasiwo. Misozi inkangotsika pansi pake.

"Diso lamanzereli linaonongeka kalekale," anatero. "Apongozi ndiwo anandikonzera mpheteyi. Ankandilowetsa pakhomo lakuseri nthawi yopumira ana, ine n'kumamuona mwana wanga, akudya, akusewera. Ndikachoka ankabweza okha pa ziro. Anali munthu wabwino, bwana, kuposa bambo anga ondibala."

"Nanga chinachitika n'chiyani?"

"Tsiku limenelo belu litangolira, anandiuza kuti ndisadzabwerenso, chifukwa awa anawaopseza. Ndinagwada, ndinawagwira miyendo. Iwo anagwira lamba wa magalasi kuti andilande. Ndinati, 'Bambo, ndisiyeni ndimalize lero lokha.' Anakoka, ine n'kuwakankha. Sindinafune kuti afe."

"Atagwa, ankapuma?"

"Ankapuma."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Kaya. Ndinkawamva kumbuyo kwangaku."

Mwamuna uja anakhala pansi, manja ali kumutu. Chipewa anali atamva zambiri pantchito yake, koma zotere anali asanazimvepo.

"Ndiye bwanji simunakuwe, mayi? Chipatala chili pafupi pompano. Akanapulumuka."

"Mwana anali adakali pabwalo, bwana. Ndinadziwa kuti ndikangowatsitsa magalasiwa, sindidzamuonanso."

Sajeni anatulutsa unyolo, koma Chipewa anamugwira mkono.

"Dikira mwana alowe."

Anadikira, onse ali chiimire. Belu litaliranso, ana anathamangira m'makalasi, pabwalo n'kutsala fumbi lokha. Mayiyo anapitirizabe kuyang'ana, mpaka sajeni anachita kumumasula zala chimodzichimodzi.