Ningning Asunga Ola la Lolo Ambo

Ningning anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pafupi ndi doko, pa chilumba cha Marinduque. Ningning ankakonda kulankhula. Ankalankhula podzuka. Ankalankhula pakudya. Ankalankhula ngakhale ndi nkhuku. Kunyumba ankamutcha Kawailesi.

Lachinayi lina, Ningning anali ndi vuto. Vuto linali phazi la agogo ake aamuna, Lolo Ambo. M'mawa, Lolo anaterereka potsika m'boti. Phazi linatupa. Linatupa ngati papaya.

Masana, Lolo anayang'ana wotchi. Anayang'ana phazi. Anayang'ananso wotchi.

"Ola langa layandikira," anatero Lolo.

Ningning ankalidziwa ola limenelo. Pambali pa tchalitchi pali kachipinda. M'kachipindamo mumakhala Yesu wa mu Ukaristia. Anthu a m'parishi amasinthana kukhala naye. Aliyense ali ndi ola lake. Wina akalowa, wina amatuluka. Yesu samusiya yekha, ngakhale pang'ono.

Ola la Lolo linali Lachinayi, 3 koloko masana. Lolo anali asanajombepo. Mvula igwe, ankapita. Mphepo iwombe, ankapita. Nsomba zichuluke m'nyanja, ankapitabe.

Lolo anagwira mpando. Anayesa kuimirira. Phazi linakana. Lolo anakhalanso pansi, khu!

"Lolo, khalani pansi!" anatero Ningning. "Mukufuna kuthyoka linalo?"

"Ndinalonjeza, mdzukulu wanga," anatero Lolo. "Ndinalonjeza kwa Yesu."

M'maso mwa Lolo munali misozi. Ningning anali asanaonepo Lolo akulira. Sanakonde zimenezo.

Nanay, mayi ake a Ningning, anali kumsika wakutali. Abambo apafupi onse anali kunyanja. Panalibe woti amutume.

"Ndipita ine," anatero Ningning.

"Iwe? Kawailesi?" anafunsa Lolo. "Mujatu salankhula. Ola lathunthu, pakamwa tseke."

"Wailesi imazimitsidwa, Lolo," anatero Ningning.

Lolo anaseka pang'ono. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Ningning anavala masilipasi a Lolo. Anali aakulu. Anali abuluu. Imodzi inali yomanga ndi chingwe cha mbedza. Anthu onse a m'parishi ankawadziwa masilipasi amenewo.

"Akhale pakhomo ngati masiku onse," anatero Ningning. "Anthu aone kuti ola lili ndi mwini wake."

Ningning anauyamba ulendo. Phwa, phwa, phwa! Anadutsa padoko. Phwa, phwa, phwa! Anadutsa pomwe amayanika nsomba. Phwa, phwa, phwa! Anafika pakachipinda.

Chitseko chake chinali chagalasi. Pakhomo panali masilipasi amaluwamaluwa. Anali a Aling Sabel, mayi amene amasunga buku la mayina. Ola la Aling Sabel linali litangotha. Anaima pachitseko, phazi lina mkati, phazi lina kunja. Ankasuzumira kumsewu.

"Ali kuti Lolo wako?" ananong'ona Aling Sabel. "Ndachedwa ine. Mdzukulu wanga Totoy akundidikira kusukulu yamkaka."

"Lolo avulala phazi," anatero Ningning. "Ndabwera kudzasunga ola lawo."

Aling Sabel anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi.

"Ana salowa muno okha," anatero.

"Chifukwa chiyani?"

"Chaka chatha analowa anyamata awiri. Anadyeramo mtedza. Makoko anasiya pansi pa benchi."

"Koma ine sindinadye mtedza!"

"Shii! Waona? Wayamba kale kusokosa. Ndimakudziwa iwe. Pakamwa pako sipatopa."

Mtima wa Ningning unawira. Mtedza anadya ena. Makoko anasiya ena. Koma chitseko akutsekera iye. Si chilungamo!

Ningning anameza mate. Analankhula motsitsa mawu.

"Aling Sabel, mwezi watha ndinalandira Ukaristia woyamba. Maluwa akumutu munandiveka ndinu. Yesu analowa mumtima mwanga. Ndiye ine ndisalowe m'chipinda chake?"

Aling Sabel anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Anakonza magalasi awo.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. "Pita kwanu. Ndidikira munthu wamkulu."

Ndipo anatseka chitseko. Akuluakulu ena ndi otero. Akasowa yankho, amatseka chitseko.

Ningning anafuna kukuwa. Anafuna kuponda pansi. Anafuna kuuza tauni yonse. Koma anakumbukira misozi ya Lolo. Akabwerera kunyumba, akanena chiyani?

Anavula masilipasi a Lolo. Anawaika bwinobwino pakhomo. Anawaika pamalo awo a masiku onse. Kenako anagwada panja, pamaso pa galasi.

"Andikaniza kulowa," anati mumtima. "Koma sanandikanize kuyang'ana."

Pagalasipo ankaona zonse. Anaona makandulo awiri. Anaona chotengera chagolide chooneka ngati dzuwa. Pakati pake panali kamkate koyera, kozungulira. Ameneyo anali Yesu. Ningning anachita chizindikiro cha mtanda. Anazimitsa wailesi.

Simenti inali yotentha. Inkawotcha mawondo. Ningning sanasunthe.

Mnzake Dalisay anadutsa ndi chingwe chodumpha.

"Ningning! Tiye tikasewere!" anakuwa Dalisay.

Ningning anapukusa mutu. Sanalankhule.

"Wadwala? Lilime lagwa?" anafunsa Dalisay.

Ningning anali ndi mayankho khumi. Onse anali abwino. Anawameza onse. Dalisay anapita akudabwa.

Kenako mkati munamveka phokoso. "Tu-ko! Tu-ko! Tu-ko!" Anali nalimata wamkulu. Anali pakhoma, pamwamba pa wotchi. Ankakuwa mmene angathere.

Ningning anatong'ola maso. Nalimata ali mkati! Nalimata akusokosa! Nalimata sanalandire ngakhale Ukaristia woyamba! Koma palibe akumuthamangitsa. Si chilungamo! Ningning analuma mlomo. Sanalankhule.

Mkati, Aling Sabel anali pamavuto. Anayang'ana wotchi. Anayang'ana kumsewu. Munthu wamkulu sankabwera. Kusukulu yamkaka belu linali litalira kale. Totoy amalira akatsala yekha pageti. Koma Aling Sabel sakanatuluka. Yesu samusiya yekha.

Anayang'ana masilipasi abuluu aja. Anayang'ana chingwe cha mbedza. Anayang'ana kamtsikana kogwada padzuwa. Thukuta linkatsika pamphuno pake. Pakamwa pake panali potseka.

Aling Sabel anatsegula chitseko pang'onopang'ono.

"Mawondo akupsa?" ananong'ona.

Ningning anagwedeza mutu kuvomera.

"Bwanji osapita pamthunzi?"

Ningning analoza galasi. Pamthunzi sakanamuona Yesu.

Aling Sabel anayang'ana mawondo aja. Anavula magalasi. Anawapukuta, ngakhale anali oyera.

"Lowa, mwanangu," anatero. "Usatuluke mpaka bambo aja, Mang Kulas, atabwera. Ola lawo ndi 4 koloko. Wamva?"

Ningning anagwedeza mutu. Aling Sabel anavala masilipasi awo amaluwa. Anathamanga. Ningning anali asanawaonepo akuthamanga.

Mkati munali mozizira bwino. Munkanunkhira makandulo ndi maluwa. Ningning anagwada pamkeka. Tsopano anatsala awiri, iye ndi Yesu. Ndi nalimata uja.

Mtima unali ukuwirabe. Ndiye Ningning anayamba kunena zonse. Ananena mumtima, osatulutsa mawu.

"Yesu, mwaona zimene andichita? Mtedza sindinadye ine. Inu mukudziwa. Munalipo."

Yesu anamvetsera. Sanamudule mawu. Sananene kuti shii.

Ningning ananena za Aling Sabel. Ananena za simenti yotentha. Ananena za nalimata wopanda ulemu. Ananena, ananena, mpaka mawu anatha. Anayang'ana wotchi. Panali patangopita mphindi zisanu!

"Iii, ola ndi lalitali," anati mumtima. "Lolo amatani muno?"

Anaganiza za Lolo. Anaganiza za phazi lija.

"Yesu, Lolo sanathawe ayi," anati. "Phazi ndi limene lawakaniza. Analira. Musawauze kuti ndakuuzani. Chonde, lichiritseni."

Atanena zimenezo, mtima unayamba kuzizira. Ningning anakhala pansi. Anayang'ana kamkate koyera kaja. Makandulo ankayaka mwakachetechete. Kutali nyanja inkamveka. Ningning analibenso mawu. Koma sanasungulumwe. Kukhala chete kunali kokoma. Iye anali asanadziwe zimenezo.

Belu la tchalitchi linalira kanayi. Ola la Lolo linatha. Ningning anayang'ana kuchitseko. Mang Kulas kunalibe.

Anadikira. Mang Kulas kunalibe.

M'mimba munalira. Mwendo unachita dzanzi. Mang Kulas kunalibe!

Mtima unayambanso kuwira. Amati ana ndi osadalirika. Nanga wachedwa ndani lero? Mwana? Si chilungamo!

Khomo linali pafupi. Palibe akanamuona akutuluka. Ningning anayang'ana khomo. Anayang'ana Yesu.

"Musadandaule," anati mumtima. "Sindikusiyani. Akuluakuluwa tiwadikire limodzi."

Patapita mphindi khumi, chitseko chinatseguka. Mang Kulas analowa ali wefuwefu. M'manja munali mafuta a njinga yamoto. Anaona Ningning. Anadabwa. Anagwira pachifuwa kupepesa. Ningning anawayang'ana ndi diso limodzi. Kenako anagwada, natsanzika Yesu, natuluka.

Panja panali Aling Sabel. Anali ndi Totoy kudzanja lina. Kudzanja lina anali ndi buku la mayina.

"Unatuluka?" anafunsa Aling Sabel.

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono. Ndipo Mang Kulas anachedwa. Ndipo muli nalimata wosokosa. Ndipo makoko a mtedza mulibe. Kayang'aneni!"

Wailesi inali itayakanso. Aling Sabel anaseka mpaka magalasi anatsika.

"Ndinakulakwira, Ningning," anatero. "Ndinakulanga chifukwa cha mtedza wa eni ake. Pepa."

Ningning sanayembekezere zimenezo. Munthu wamkulu kupepesa! Mkwiyo unasowa pogwira.

"Chabwino," anatero. "Ndakukhululukirani. Ndinali nditakunenezani kale kwa Yesu. Ndikamuuza kuti zatha."

Aling Sabel anatsegula buku. Analoza mzere wa Lachinayi. Pamenepo panali dzina la Lolo, sabata ndi sabata, tsamba ndi tsamba. Mzere wa lero unali wopanda kanthu.

"Lemba," anatero Aling Sabel.

Ningning analemba pang'onopang'ono. Analemba zilembo zazikulu. NINGNING, M'MALO MWA LOLO AMBO.

Aling Sabel anamupatsa nthochi yokazinga yapakamtengo. Ningning anavala masilipasi abuluu. Phwa, phwa, phwa! Anathamangira kunyumba.

Nanay anali atabwera. Ankaphikira Lolo phala la mpunga. Lolo anali pampando, maso ali kukhomo. Ningning anatenga dzanja lawo. Analigunditsa pamphumi pake powalemekeza, monga amachitira masiku onse.

"Ola lanu ndalisunga, Lolo," anatero. "Lonse. Ndawonjezeranso mphindi khumi za Mang Kulas."

Lolo anapuma mpweya wautali. Anamukumbatira mwamphamvu. Ningning anafotokoza zonse. Anafotokoza mpaka phala linapsa.

Kenako anafunsa, "Lolo, munalonjeza chifukwa chiyani?"

Lolo anayang'ana Nanay. Nanay anasiya kutakasa phala. Lolo anatambasula manja awo awiri, nawaphatikiza.

"Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, kunabadwa kamwana," anatero Lolo. "Kanabadwa masiku asanakwane. Kankakwana m'manja muno. Sikankalira. Sikankatulutsa mawu ngakhale amodzi. Tonse tinachita mantha."

Ningning anasendera pafupi.

"Linali Lachinayi," anatero Lolo. "Ndinathamangira m'kachipinda kaja. Ndinati, Yesu, ndimve mawu a kamwanaka. Mukatero, ndizibwera Lachinayi lililonse."

"Ndiye kanalira?" anafunsa Ningning.

"Kanalira," anatero Nanay, akupukuta m'maso. "Ndipo mpaka lero sikanasiye."

Ningning anayang'ana manja a Lolo. Anayang'ana Nanay. Kenako anaimirira. Anagwira m'chiuno.

"Ndiye ola limeneli ndi langa!" anatero. "Zaka zonsezi mumapita nokha? Osandiuza? Lolo, si chilungamo!"

Lolo anaseka mpaka phazi linapweteka. Nanay anaseka mpaka chikombe chinagwa. Ningning anayesa kukwiyabe. Analephera.

Lachinayi lotsatira, Lolo anayenda ndi ndodo. Ningning anawagwira dzanja. Anayenda pang'onopang'ono. Anafika nthawi isanakwane.

Aling Sabel anawatsegulira chitseko. Sananene za lamulo.

Pakhomo panatsala masilipasi aakulu abuluu, omanga ndi chingwe cha mbedza. Pambali pake panali ena aang'ono, ofiira. Mkati munali zii. Ankasokosa ndi nalimata yekha.