Kasitomala Amene Kunalibe

Amayi awo ali gone m'chipatala, chubu kumphuno, anamugwira Sisi pamkono.

"Chitsiriza wangayu ali ndi kadzanja, ndikudziwa. Koma akadzalakwa, nkhani izithera m'nyumba. Wapolisi asadzamugwire."

"Ndalonjeza, amayi."

Atawaika m'manda, Sisi anapita kunja kwa dziko kukasamalira nkhalamba za eni ake. Anabwerako ndi imvi. Msewu wakwawo anaupeza uli mipanda yokhayokha, mabotolo osweka pamwamba. Anthu amene kale ankapalana moto tsopano ankapatsana moni pa foni. Sisi anaona kuti kuseri kwa mipandako kuli manyazi, ndipo manyazi amagula. Anatsegula sitolo ya pa intaneti: zoyezera mimba, zodziyezera magazi, mapiritsi olerera, matewera a akuluakulu. Zonse zinkatuluka m'mapaketi a khaki opanda dzina.

Katundu woopsa sanali m'mashelefu. Anali mu kompyuta: mayina, manambala a foni, ndi zimene aliyense anagula.

Kunabwera mayi wa kampani yoteteza makompyuta.

"Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake," anatero. "Wolowa aliyense azisiya phazi. Wanjinga wokapereka katundu aziona kopita kokha, asamaone zili m'paketi."

Chitsiriza anaseka mpaka kutsamwa.

"Sisi, makiyi a kuchipinda mupatse mlendo? Nanga sukulu ya makompyuta munandilipirira ija inali ya chiyani? Pasiwedi imodzi ya pabanja, basi. Zachizungu munazisiya pabwalo la ndege."

Sisi anasankha magazi ake.

Lolemba lina m'mawa foni ya sitolo inayamba kulira mosalekeza. Azimayi ankanong'ona, ena ankatukwana. Onse anali atalandira uthenga umodzi: tumizani ndalama, apo ayi amuna anu adziwa zimene munagula.

Mphunzitsi wina sanatumize. Mwamuna wake analandira chithunzi cha oda ya mapiritsi. Anamuswa chibwano ndi simbi.

Sisi anakamuona kuchipatala, wodi yomwe ija munafera amayi ake. Mphunzitsiyo anali atamangidwa mano ndi waya. Sanathe kulankhula. Anangomuyang'ana, osaphethira.

Pakhonde panali wapolisi wofufuza, bambo wowonda wa jekete yothetheka m'zigongono.

"Pasiwedi ali nayo ndani?"

"Ine, mlongo wanga, mtsikana wopakira ndi wanjinga."

"Ndiye kuti ali nayo ndi mzinda wonse. Khomo lolowera aliyense silisunga phazi, mayi."

Kunyumba Chitsiriza anapukusa mutu mwachisoni. "Ndi akuba akunja awa, Sisi. Amathyola ndi mabanki omwe. Ife ndife ndani?"

Mawa lake Sisi anapita yekha kwa mayi wa kampani uja. Mayiyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangotsegula laputopu.

"Titchere msampha. Aliyense mumupatse pasiwedi yake, koma mumuuze kumbali kuti ndi yatsopano ya nonse. Kuseri kwa pasiwedi iliyonse ndiikako kasitomala wabodza, wooneka ndi munthu mmodzi yekhayo. Mkazi wa abusa, wogula zodziyezera magazi. Nyambo yonona. Nambala yake ikhala ya foni ili m'manja mwanu."

Sisi anagula timafoni titatu totchipa. Anatimata tepi: Wopakira, Wanjinga, Chitsiriza. Anatitsekera m'dirowa ya tebulo lake, n'kupatsa aliyense pasiwedi yake. Mulungu amukhululukire, ankapemphera kuti akhale wanjinga.

Lachinayi masana, akumata paketi, dirowa inanjenjemera.

Anatsegula. Timafoni tiwiri tinali zii. Kachitatu kanali kuwala. "Amayi busa, mpingo udziwa za magazi anu Lamlungu likubwerali. Mukudziwa chochita."

Anakhala pansi kaye. Kenaka anaimba foni imodzi, mawu ochepa, n'kudula.

Chitsiriza anali m'chipinda chosungira katundu, miyendo pa katoni, akusenda lalanje. Sisi anaika kafoniko pa bondo lake, tepi ili pamwamba.

"Mkazi wa abusayo kulibe. Anabadwira iwe wekha."

Mpeni unaima. Anawerenga uthengawo ngati wolemba ndi wina.

"Sisi, n'kungowaopseza chabe. Sindinamenye munthu ine."

"Mphunzitsi uja akudyera pa kapaipi."

"Anamumenya ndi mwamuna wake! Ine ndinangotumiza chithunzi." Anadzuka, n'kutsitsa mawu. "Chabwino, ndalakwa. Tikambirane. Ndibweza zonse. Muitane amalume, andikalipire, mundichotse ntchito. Za m'nyumba izi."

Kunja galimoto inaima. Geti inagogodedwa kawiri.

Chitsiriza anasuzumira pawindo, anaona jekete yothetheka ija. Nkhope yake inabwerera kukhala ya kamwana kamene Sisi ankakabereka kumsana popita kumsika.

"Munalonjeza. Amayi anakugwirani pamkono, ine ndili pomwepo. Sisi! Pali khomo lakuseri. Mungochedwa pang'ono kutsegula, basi."

Kiyi wa khomo lakuserilo anali m'thumba la epuloni ya Sisi. Anamukhudza ndi chala. Kiyi wa geti anali momwemo.

"Odi kuno!" anatero wapolisi.

Unyolo unalira pakati pa mapaketi a khaki. M'thumba la Chitsiriza anapezamo simu khadi yomwe inatumiza chithunzi kwa mwamuna wa mphunzitsi. Anansi anatulukira pamwamba pa mipanda yawo, mafoni m'mwamba, kujambula.

Nkhani sinathere m'nyumba. Wapolisi anamugwira Chitsiriza, ndipo geti anatsegula ndi Sisi.