Mayina a Patsamba Loyamba

Bonface Sakala anafika ku Livingstone kuchokera ku Katete ali mnyamata, ndipo zaka khumi ndi zisanu zinamuthera akugulitsa ziboliboli za njovu ndi mvuu pamsika wa pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Alendo ankazigwira, kuzitembenuza, kuzijambula, n'kuzibweza pansi. Ku komboni ya Libuyu iye, mkazi wake Juliet ndi mwana wawo Joy ankakhala m'chipinda chimodzi chodontha, chogawa pakati ndi chitenje.

Koma mutu anali nawo. Pamsika paja anaphunzira kulankhula ndi munthu wamtundu uliwonse, mpaka analemba buku lophunzitsa anthu a bizinesi kudziwana ndi anthu, kusunga makasitomala ndi kusataya mtima malonda akagwa. Analilemba pamanja m'makope a sukulu. Gladys, mayi amene ankaimba naye kwaya, analitayipa pakompyuta osafuna kanthu. Mudenda, mnzake woyendetsa takisi, anazungulira ndi mabukuwo m'mashopu onse a m'tauni. Palibe amene anagula. Makatoni anabwerera ku Libuyu, ndipo oyamba kuwatsegula anali chiswe.

Chimene chinkamudya mtima kwambiri chinali Choongo. Ameneyu anali mnzake wakale wa pamsika womwewo, munthu wosatha kulemba kalata osafufuta. Tsopano anali ndi mabuku atatu, ankalankhula pawailesi, ndipo mahotela a m'mbali mwa Zambezi ankamulimbirana kuti akaphunzitse amalonda. Bonface akaona nkhope yake pachikwangwani, malovu ankamuwawa.

Tsiku lina galimoto ya Choongo inaima pafupi naye.

"Ba Bonface, buku yanu ninaiwerenga. Ni yabwino kupambana yanga," anatero Choongo akumwetulira. "Manje vuto yanu ni imodzi. Simunaisambike na mankhwala. Muli m'bale wanga imwe, siningakubiseni. Pitani kwa ba Sililo, ng'anga ya kuseli kwa msika wa Maramba."

Bonface anapita mawa lake dzuwa lili pamutu. Ba Sililo sanali monga ankaganizira. Anali bambo wa malaya oyera ositidwa, wokhala m'kachipinda ka malata kuseli kwa ogulitsa nsomba zouma. Anatenga bukulo, kulinunkhiza, n'kutsegula tsamba loyamba.

"Apa palibe kanthu," anatero. "Anzako amalembapo mayina a anthu amene anawathandiza. Iwe unathandizidwa na ndani?"

"Ambiri, ba Sililo."

"Chabwino. Buku ikapita ku makina osindikiza, ulembepo dzina limodzi, umuthokoze bwino. Mabuku akatha, ukafuna ena, dzina lina. Ine unibweretsere kanthu kamene mwiniwake anakupatsa na dzanja yake."

"Nanga munthuyo chizamuchitikira n'chiyani?"

"Iwe unabwera kufunsa za iye kapena za iwe?"

Bonface anafunsanso kuti, "Ningalembe mdani wanga?"

Ba Sililo anaseka mosatsegula pakamwa. "Mdani alibe mafuta, mwana wanga. Nifuna uja akakuona amakondwera."

Bonface anatuluka n'kubwerera ku Libuyu. Masiku anayi anadziuza kuti sadzabwererako. Lachisanu mvula inagwa, madzi analowa m'katoni yomaliza, ndipo Loweruka anapereka kwa ba Sililo cholembera chimene Gladys anamupatsa pa Khirisimasi.

Buku linatulukanso, mawu ake omwe aja, koma patsamba loyamba panali dzina la Gladys. Mayiyo ataliona analira ndi chimwemwe, n'kuyenda nalo kwaya yonse. Mwezi usanathe mabuku onse anatha. Aphunzitsi, amabanki, amayi a salaula ogulitsa kaunjika, onse ankalifuna. Wailesi inamuitana. Banja linasamukira m'nyumba ya mpanda.

Mwezi womwewo Gladys anagwa pampando kuntchito. Atadzuka, manja ake onse anali atapinda ngati mapazi a nkhuku yophika, ndipo ntchito inatha pomwepo. Bonface anapita kukamuona atanyamula shuga ndi buledi.

"Mulungu akudalitseni, ba Sakala," anatero Gladys. "Ena akakwera amaiwala."

Bonface anayang'ana pansi. Potuluka anasanza kuseli kwa nyumba, koma madzulo ake anakalankhula kuhotela, anthu n'kumuombera m'manja ataimirira.

Mabuku atathanso, ogulitsa mabuku a ku Lusaka anaimba foni kufuna ochuluka. Ulendo uno sanadikire masiku anayi. Anatenga chipewa chimene Mudenda anamupatsa n'kukachipereka kwa ba Sililo, ndipo patsamba loyamba analembapo dzina la Mudenda. Patangopita milungu itatu, Mudenda anaimika takisi pakati pa msewu, kutuluka, n'kuyamba kuvula zovala akuitana amayi ake amene anamwalira kale. Abale ake anamutengera kumudzi atamumanga manja ndi chingwe.

Kuyambira pamenepo Bonface sankadya bwino. Munthu akamusekerera mwachikondi, iye ankaona dzina. Anayamba kuthawa anzake, kutchalitchi n'kusiya. Juliet ankamufunsa, "Atate ake Joy, chikukudyani n'chiyani? Si izi tinkapempherera?" Iye ankangoti ndi kutopa.

Kachitatu ba Sililo sanadikire kuti asankhe.

"Manje nifuna wa m'nyumba. Uja anadya nawe njala."

"Juliet? Awe! Tengani nyumba, tengani motoka, vonse!"

"Nyumba nichite nayo chiyani? Sabata imodzi. Ukapanda kulemba, tsamba izadzilembera yeka."

Bonface anathamangira kwa Choongo, munthu yekhayo amene akanamumvetsa. Anamupeza pakhonde la nyumba yake akumwa tiyi. Anagwada pansi, munthu wamkulu, n'kufotokoza zonse.

"M'bale wanga, unichotsemo. Iwe unachita bwanji?"

Choongo sanadabwe. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi buku lake latsopano, lonunkhira inki.

"Tsegulani," anatero.

Patsamba loyamba panalembedwa kuti: Kwa m'bale wanga wokondedwa, Bonface Sakala, amene anandiphunzitsa malonda.

Bonface anawerenga kawiri. Anakumbukira kampeni kosemera kamene anapatsa Choongo zaka zapitazo, tsiku limene anamulandira pamsika alibe ngakhale chiboliboli chimodzi.

"Ine anga onse anasila," anatero Choongo mosakweza mawu. "Amayi, mlongosi wanga, onse. Munatsala imwe. Ba Sililo anati munthu woonda alibe phindu, niyambe nakunenepetsani. Mulembe ba Juliet, musalembe, ni chimodzimodzi. Buku yanga inatuluka dzulo."

"Choongo, ine ninakudyetsa! Unagona pa mphasa yanga!"

"Nanga ba Gladys sanakutayipireni buku?" anayankha Choongo, n'kubwerera ku tiyi wake.

Bonface sanalembe dzina la Juliet. Chimenecho chokha anachikana, koma chinabwera mochedwa. Loweruka linalo anaitanidwa kukalankhula kumsonkhano waukulu wa amalonda. Holo inadzaza, ndipo Juliet anakhala kutsogolo atavala chitenje chatsopano. Bonface anagwira maikolofoni kuti ayambe monga mwa nthawi zonse, koma pakamwa pake panatuluka zina.

"Gladys ninamugulitsa na cholembera. Mudenda na chipewa."

Anthu anayamba kuseka, akuyesa nthabwala. Iye anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu ankatulukabe pakati pa zala. Ananena za ba Sililo, za kachipinda ka malata, za mkazi wake amene anatsala pang'ono kulembedwa. Kuseka kunatha. Mlongo wake wa Gladys, amene anali m'gulumo, anaimirira n'kumugenda ndi buku lomwelo. Juliet sanalire. Anadzuka pang'onopang'ono, kutuluka, ndipo mawa lake anakwera basi ya ku Chipata ndi mwana wake.

Anthu atapita kuseli kwa Maramba anapeza kachipinda kaja kali pululu, mulibe ngakhale mpando. Choongo anauza a wailesi kuti mnzakeyo wadwala mutu chifukwa cholimbikira ntchito, n'kupempha anthu kuti amupempherere. Amene anali ndi buku la Bonface analitentha.

Bonface nzeru sizinamubwererenso. Anakhala miyezi isanu ndi itatu akugona m'ngalande pafupi ndi siteshoni ya basi, akutola makoko a nthochi. Anamwalira nthawi ya dzinja, ndipo pamaliro ake panalibe nyimbo, chifukwa a kwaya anakana kubwera.

Abale anga, umphawi umapweteka, koma suluma ngati dyera. Chuma cha mankhwala sichibwera chokha, chimadya anthu, ndipo chimayambira pa amene amakukonda. Wogulitsa m'bale wake asadabwe akamva kuti nayenso anagulitsidwa kale. Dya zako zochepa ndi mtima woyera, ugone tulo.