Utoto Wosowa Pamkono

Asilikali a Ilango anali ndi nkhope za maliro. Anawandandalika patebulo pafupi ndi windo, aliyense wamfupi ngati chala, uta uli m'manja, koma nkhope zili mbuu ngati awafukula paphulusa. Loweruka kunali mpikisano kusitolo ina ya mumzinda wa Madurai kumene anyamata ankamenyanitsa tizidole tankhondo totere. Utoto wamafuta suuma msanga. Akapanda kukonza nkhopezo tsiku lomwelo, ndiye kuti mpikisano wamudutsa.

"Amwalira ndi chiyani anthu anuwa, achimwene?" anafunsa mlongo wake Thenmozhi akutafuna nthochi yokazinga.

"Choka apa, Makala iwe. Undidetsera tebulo."

Dzinali analiyambitsa ndi Ilango yemweyo, ndipo ana a mumsewu wonse analitola. Ilango ankadziona woyererako. M'mawa uliwonse ankadzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo ankati akugwira ntchito, ngakhale galasi linali lisanavomereze.

"Mwasakaniza chiyani?" anafunsa Thenmozhi.

"Wakuda, kenako woyera m'masaya kuti muziwala. Si anthu akuda kodi? Khungu lotere silifuna luso. Aliyense angalipente."

"Ee, zikuoneka kuti aliyense walipentadi."

Ilango anapukuta nkhope zonse ndi kansanza n'kuyambiranso. Anachepetsa woyera, asilikali anasanduka zitsa zopserera. Anawonjezera, maliro aja anabwerera. Dzuwa linali litayamba kupendeka.

"Khala apa," anatero mosafuna. "Ndione kuda kwenikweni."

"Lero Makala ali ndi ntchito?" Thenmozhi anakhala pawindo, mphuno ili m'mwamba. "Yang'anani msanga, ndisanakudetsereni dzuwa."

Ilango anayang'ana nkhope imene anakhala akuinyoza chibadwire, osaionetsetsa n'kamodzi komwe. Anafunafuna kuda. Anakupeza m'tsitsi ndi m'maso basi. Masaya anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pansi pa chibwano panali mtundu wa mabiringano, ndipo pachipumi, pamene dzuwa linagunda, pankanyezimira ngati mphika wamkuwa.

Utoto wakuda anaukankhira pambali. Anafinya wofiirira, anadonthezamo wofiira, kabuluu pang'ono ka m'mithunzi, ndi wachikasu wa powala. Anasakaniza, akuyang'ana tsaya la mlongo wake, mpaka zinafanana ndendende. Kenako, monga ankachitira nthawi zonse asanakhudze chidole, anapaka kadontho pamkono pake kuti aone ngati utoto walimba bwino.

Anawerama. Anatembenuzira mkono kudzuwa. Kadontho kaja sikankaoneka.

"Mwataya chiyani?" anafunsa Thenmozhi.

"Palibe."

Mtsikanayo anadzuka, anagundanitsa mkono wake ndi wa Ilango, n'kuiyang'ana iwiriyo modekha ngati wogula nsalu pamsika.

"Mayo ine! Pepani, achimwene ake a Makala. Mafuta anu aja mukabweze kumene munagula."

Mawu onse achipongwe amene Ilango ankawadziwa akanamunyoza iye yemwe. Anatola burashi n'kugwira msilikali woyamba. Nkhope ija inadzuka, magazi anabwerera m'masaya.

Loweruka anyamata anaunjikana pa asilikali ake.

"Aise, khungu ili unakopera kuti?" anafunsa mmodzi.

"Kunyumba," anayankha Ilango. "Kwa Thenmozhi."

"Thenmozhi wake uti? Ukunena Makala?"

Ilango anapinda malaya n'kuika mkono wake patebulo, pakati pa asilikali aja.

"Tabwereza, aise," anatero. "Ukuitana uti mwa ife?"